Mmene Killion Longwe Anagwera pa Bwalo la Malipenga

Killion Longwe anachoka ku Kande ali mnyamata wowonda ngati bango. Anabwerako mu 1951 ali chimunthu choti akakwera m'bwato, bwatolo linkapendekeka, opalasa n'kuyamba kung'ung'udza. Zaka zonsezo anali ku Halale, m'khitchini ya hotela ina ya azungu, akuphika makeke ndi mapudingi. Wophika salephera kulawa, ndiye iye ankalawa ndithu, kasupuni apa, kasupuni apo, kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kwawo ankamutcha mtchona, ndipo sankamunamizira ayi. Mayi ake anamwalira iye ali komweko. Mkazi wake Eliza anadikira mpaka anatopa, akulu a mpingo anamumasula, nakwatiwa ndi munthu wina wa cha ku Chintheche.

Musaganize kuti chinamubweza ndi kulakalaka kumudzi. Linali ludzu. Munthu anayamba kumwa madzi ngati ng'ombe ya ngolo, kumangotuluka panja kosalekeza, ndipo pamene wataya madzi nyerere zinkasonkhanapo ngati pagwa uchi. Dokotala anati shuga wachuluka m'magazi, eni hotela anati zikomo mwatigwirira ntchito, basi zinathera pomwepo. Akutuluka m'chipatalamo, mthandizi wa dokotala, munthu wa ku Nyasalande konkuno, anamutsatira mpaka pakhomo.

"Bambo, mankhwala anu ndi miyendo yanuyi," anatero. "Zotsekemera musiye. M'mawa musanaike kanthu kukamwa muziyenda mpaka thukuta lituluke. Mukatero, muzidya bwinobwino."

Killion anamva zosiya shuga, anamva zoyenda asanadye. Mawu otsirizawo analowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Ku Kande anamanga kanyumba kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi munda wa chinangwa wa mayi ake umene unali utasanduka tchire. Anthu sankamuda. Ankamupatsa moni bwinobwino, "Mwayuka uli, ada?" koma unali moni wopatsa mlendo wodutsa, woti ukayankha nkhani yatha. Anzake a paubwana ena anali kumanda, ena ku Joni. Amuna a m'mudzimo ankadyera pamodzi pamphala, aliyense mkazi wake akubweretsa mbale. Killion anakhalapo kamodzi. Ataona kuti mbale zonse zili ndi eni ake, ndipo iye yekha ndiye akungopisa dzanja m'za anzake, manyazi anamugwira, sanapitenso. Ndiye taonani zodabwitsa: munthu amene anadyetsa azungu mazanamazana ankalephera kuphika kondowole. Kondowole amafuna dzanja lozolowera, ndipo wake ankatuluka wamibulu, wosapsa pakati. Ankadya yekha atafulatira chitseko kuti odutsa asaone.

Chinthu chimodzi chokha cha ku Kande ndicho Killion ankati n'chake: malipenga. Asanapite ku Halale anali mmodzi mwa anyamata amene anayambitsa gulu la m'mudzimo, limene amalitcha boma. Ankavina pamzere wa kutsogolo, kabudula woyera mbee, sitokeni mpaka m'mawondo, lipenga la chikho kukamwa. Ku hotela kuja, akamakanda ufa, phazi linkamenya lokha pansi. Tsiku lina masana anamva ng'oma yaikulu ikugunda kumtunda kwa mudzi, ndipo sanadziwe n'komwe kuti wanyamuka liti.

Kaputeni wa boma tsopano anali Zebron Mhone, mwana wa mnzake amene anamwalira. Killion anadikira nyimbo ithe, anavula chipewa, napempha malo pamzere.

Zebron anali munthu waulemu. Anayang'ana pansi, anayang'ana mimba ija, anayang'ananso pansi. "Ada, kukana sitikukana. Koma yunifomu ya msinkhu wanu tilibe."

Kumbuyo wina ananena motsitsa, koma mofuna kuti zimveke: "Tsabola wakale sawawa."

Apa m'pamene anatulukira Duncan. Boma lililonse limakhala ndi dokotala wake wamasewera, wovala chikhoti choyera, amene amayendera mizere kuona zikhadabo, makolala ndi mano, wauve n'kumutulutsa. Wa ku Kande anali Duncan ameneyu, munthu woti ngakhale pamaliro ankayenera kukhala kutali ndi anamfedwa kuopa angawaseketse. Anali ndi chopimira chake cha chingwe ndi kakhosi ka chikho. Anachiika pamimba pa Killion, anatsinzina, anagwedeza mutu mwaukatswiri.

"Mwana ali bwino, ada. Akusewera. Koma musamanyamule zolemera."

Ha! Anyamata anagwa nako kuseka, woimba ng'oma mpaka anagwetsa chibonga. Killion nayenso anaseka, nanga akanatani? Zebron, pofuna kutseka nkhani, anatenga lamba wachikopa wa boma, wofanana ndi amene onse ankamanga, namuonetsa.

"Mwezi wa Okutobala tikukavina ku Chintheche. Lamba uyu akadzakukwanani, mudzalowa pamzere."

Iye ankangonena kuti mkuluyo achoke mwaulemu. Killion anazitenga ngati pangano la m'tchalitchi.

M'mawa mwake kusanatenthe anatuluka m'mimba muli pululu, osalawa ngakhale madzi a tiyi. Kuseri kwa munda kunali kabwalo ka mchenga kamene mayi ake ankayanikapo chinangwa. Pamenepo ndi pamene anayambira. Ng'oma panalibe, mzere panalibe, woimba mluzu panalibe. Ankang'ung'udza yekha nyimbo m'lipenga lake lakale, kukweza bondo, kutsitsa, kutembenuka, kubwerera m'mbuyo. Masiku oyamba zinali zomvetsa chisoni. Nyimbo imodzi isanathe ankakhala atagwira mtengo wa mango, akupuma ngati mvukuto. Amayi opita kukavuula chinangwa kudambo ankaima ndi madengu pamutu, kugwirana mapewa, n'kumapita akuseka. Wina anafalitsa zoti mtchona uja mutu wayamba kuzungulira.

Koma thupi ndi chinthu chomvera. Patapita milungu ingapo mpweya unayamba kukwana. Akamaliza kuvina ankatsetsereka mpaka kumtsinje, n'kukwera chitunda chobwerera osapumira. Ludzu lija linayamba kuchepa. Mtsuko umene unkatha tsiku limodzi tsopano unkagona ndi madzi. Ndiye m'mawa wina anapita kuseri kwa nyumba, pamalo paja potayira madzi, anawerama kuyang'ana monga ankachitira masiku onse. Nyerere panalibe. Inadutsa imodzi yokha, inanunkhiza, n'kupitiriza ulendo wake.

Killion anaimirira mtima ukugunda ndi chimwemwe. Anavala malaya mofulumira, anatuluka, anafika mpaka panjira yaikulu ya m'mudzi. Pamenepo anaima. Kodi nkhani yotere umauza ndani? Ungaimitse munthu wopita kunyanja ndi nkhafi paphewa, n'kumuuza kuti nyerere zasiya mkodzo wako? Imeneyo ndi nkhani ya mkazi wako, kapena mbale wako wa bere limodzi. Anaima pamenepo kanthawi, anayankha moni wa anthu awiri, n'kubwerera kunyumba kukasesa pakhomo.

Kusowa wouza n'kumene kunamulakwitsa. Akanakhala ndi munthu pakhomo, bwenzi atamuuza kuti ada, zafika apa zakwana. Iye anawerengera yekha m'mutu: ngati njala ya m'mawa yathamangitsa nyerere, ndiye kuti njala ya tsiku lonse ichiritsa matenda onse, ndi lamba yemwe akwana msanga. Anayamba kuopa chakudya ngati mdani. Akatha kuvina sankadya, ankangomwa madzi. Dzuwa likapendeka ndiye ankaphika kachidutswa ka chinangwa ndi chigwada chopanda mafuta. Nsomba ankaiona mwa apo ndi apo, chifukwa ku Kande nsomba imapita kwa amene wagwira chingwe cha khoka, ndipo iye nthawi yokoka khoka ankakhala ali kuseri kwa munda akukweza mawondo.

Mimba inaphwa, inde. Koma njala sisankha kuti apa ndidye, apa ndisiye. Akatumba a m'miyendo nawonso anaphwa, mikono inalenda, khungu la m'khosi linagwa ngati la nkhuku yokalamba. Sitokeni zimene anagula ku Halale zinayamba kutsetsereka zokha, moti ankazimanga ndi luzi pansi pa bondo. Nthawi zina dzuwa likakwera manja ankanjenjemera, m'maso n'kuchita nyenyezi. Ankakhala pansi mpaka zitadutsa, akudziuza kuti ameneyo ndi shuga akutuluka.

Sabata yotsiriza ya Seputembala anapitanso kumtunda. Sanalankhule zambiri. Anatenga lamba uja m'manja mwa Zebron, anamanga, chitsulo chinalowa pabowo popanda kukoka mpweya. Anyamata anangoti kukamwa yasa.

"Mawu ndi mawu," anatero Zebron akukanda m'mutu. "Mukhala mzere wotsiriza, kumapeto. Tikaone ku Chintheche. Mukakavina bwino, malowo ndi anu."

Tsiku la ulendo ananyamuka m'mamawa, boma lonse, ng'oma pamitu, mayunifomu atakulungidwa m'nsalu kuti asade. Akazi ndi alongo a ovina ankatsatira pambuyo ndi mitolo. Okutobala wa kunyanja mukumudziwa: mchenga umawotcha mapazi dzuwa lisanafike n'pamutu pomwe. Pakati panjira anapumula pansi pa mikuyu, ndipo mayi aliyense anamasula mtolo wake pamaso pa mwamuna wake. Kunali usipa wootcha, chinangwa chophika, mbatata, nthochi. Killion anakhala chapatali, akupukuta lipenga lake limene linali loyera kale.

"Ada Longwe, senderani kuno tisambe m'manja," Zebron anaitana.

"Yewu, mwana wanga. Ndadya kale kunyumba."

Bodza lenileni. Chiyambire dzulo masana sanaike kanthu kukamwa. Mbali ina kunali kunyada, poti sankafuna kuti pa tsiku ngati limeneli aoneke wodyera m'mbale ya mwana wa mnzake. Mbali ina ankakhulupiriradi kuti mphamvu yake ili m'mimba yopanda kanthu. Kodi si mmene ankavinira masiku onse? Anaiwala kuti masiku onsewo ankavina kamphindi kozizira kuseri kwa munda wake, osati atayenda theka la tsiku padzuwa.

Anafika, anasamba, anavala. Eni mudzi anayamba ndiwo kuvina, monga mwa mwambo, kenako boma lina lochokera kumpoto. A ku Kande anaima padzuwa m'mayunifomu awo, osakhala pansi kuopa kudetsa akabudula. Mluzu wawo unalira dzuwa litapendeka kale.

Koma abale, Killion anavina! Izi ndinene ndithu, poti palibe wina amene anazinena. Anavina mavinidwe akale, osathamanga, bondo likukwera pang'onopang'ono ngati silikufuna, msana uli chilili, mutu osagwedezeka. Phazi lake linkagwa pamodzi ndi ng'oma yaikulu osaphonya. Kumanzere kwake kunali phewa la munthu, kutsogolo kwake msana wa munthu, malipenga onse akulira ngati njuchi, lake lili momwemo. Chibwerere ku Halale anali asanamvepo chomwe anamva nthawi imeneyo. Misozi inalengeza, ndipo sanachite nayo manyazi.

Nyimbo yachitatu ili mkati, anamva kuzizira pamsana. Padzuwa loterolo, thukuta lozizira! Zala zinasiya kumva lipenga. Ng'oma inayamba kumveka ngati ili kutsidya kwa mtsinje. Anauza mwendo kuti ukwere, mwendo unakana. Anayesa kuluma mlomo, anayesa kuyang'ana kolala ya mnyamata wa kutsogolo, koma kolalayo inasanduka mdima. Mzere utatembenuka kuti wotsiriza ukhale woyang'ana anthu, Killion anagwa chagada, thupi lonse nthawi imodzi ngati nthochi yodulidwa, fumbi n'kuti kobo.

Anthu anati phuu, chete. Duncan, amene ankayendayenda m'mbali ndi chikhoti chake, anangoona kamodzi n'kuganiza kuti mkuluyu wabwera ndi kaluso ka ku Halale. Mwayi wotere akanausiya? Anathamanga mokweza mawondo, anagwada, anaika chopimira chake pachidendene cha Killion, namvetsera. Anapukusa mutu. Anachiika pachipewa chimene chinagwera pambali, namvetseranso, n'kulozera anthu kuti matenda ali m'chipewamo. Bwalo lonse linaphulika. Amayi ankagwira nthiti, ana ankagubuduka pansi, akuluakulu a pamipando ankapukuta misozi. Duncan anakweza mkono wa Killion n'kuusiya, mkono unagwa lende, anthu n'kukuwa kuti ameneyu ndiye katswiri, taonani sakuphethira n'komwe!

Killion ankamva zonsezi chapatali. Ankafuna kunena kuti madzi, koma lilime linali ngati la munthu wina.

Zebron naye sanachedwe. Analiza mluzu, ng'oma zinasintha n'kuyamba kugunda mwachisoni, anyamata anayi anamunyamula pamphasa. Anazungulira naye bwalo lonse akuguba pang'onopang'ono, Duncan ali patsogolo akulira mokweza ndi kupukuta mphuno ndi chikhoti. Nthungululu zinali zogonthetsa m'khutu. Atatuluka m'bwalo anakamutsitsa kuseri kwa nkhokwe ina, mmodzi anamusisita paphewa nati, "Mwatha, ada, mwatiwinitsa!" Onse anathamanga kubwerera pamzere.

Anagona pamenepo yekha, ntchentche zikumutera pamilomo.

Amene anabwera anali mayi wina wa m'mudzi momwemo, wa imvi za m'mbali, atanyamula chikho. Anagwada, analowetsa dzanja pansi pa mutu wake, naukweza. "Imwani," anatero. Chinali chindongwa, thobwa la kunyanja, lotsekemera. Choyamba chinatayikira m'khosi, kenako anameza, anamezanso. Pang'onopang'ono mitengo inabwerera m'malo mwake, ng'oma inayandikira. Atayang'anitsitsa nkhope ija anaizindikira. Anali Eliza.

"Munthu wosewera satuluka thukuta lozizira chonchi," anatero Eliza, osamuyang'ana m'maso. "Mwadya liti?"

Killion anatembenuzira nkhope kunkhokwe.

"Mmene munalili kale ndi momwemo. Kufa ndi njala pakati pa anthu, kuopa kupempha." Anamasula kansalu, anaika pambali pake nsomba yootcha ndi chinangwa. "Idyani zonse, ada Longwe. Ine ndikupita, abambo a kunyumba akundifuna."

Anaimirira, anakonza chitenje, napita osacheuka. Anamutchula monga ankamutchulira wina aliyense. Killion anadya nsomba ija mpaka mutu, kubwalo anthu akuimbabe m'manja.

Boma la Kande linabwerera kwawo ndi mbiri. Njira yonse nkhani inali imodzi, ndipo aliyense ankafuna kuyenda pafupi ndi Killion. Patapita masiku awiri Zebron anafika pakanyumba kaja. Anali mlendo woyamba kukhala pakhonde pake, moti Killion anasowa pomukhazika, anachita kugudubuza mtondo wakale wa mayi ake.

"Ada, boma lakambirana," anatero Zebron nkhope ili ngwee. "Malo anu apezeka, ndipo palibe adzakulandeni. Pamzere tiikapo mnyamata, poti pamenepo aliyense angathe. Inu mukhala wogwa wathu. Muzilowa nyimbo yachitatu, kuvina pang'ono, basi n'kugwa. Duncan akuti ulendo wina mudzagwere chakutsogolo, kuti a pamipando aone bwino."

Killion anayang'ana manja ake. "Nanga kuvina kwanga munakuona bwanji?"

"Aaa, ada, kumbuyo kuja akanaona ndani? Koma kugwa kuja! Mpaka ku Bandawe akukamba za inu."

Mawu anafika pakamwa. Akanatha kunena kuti mwana wanga, sikunali kusewera kuja, ndinatsala pang'ono kufa inu mukuseka. Koma anaona kumene mawuwo akanathera. Zebron akanagwira pakamwa, akanapepesa ndi mtima wonse, ndipo boma likanagwirizana mwaulemu kuti mkulu wodwala asavutikenso, azikhala pamthunzi n'kumaonerera. Akanabwerera kuseri kwa munda, iye ndi mtengo wa mango. Walira mvula walira matope.

"Ndamva," anatero. "Ndidzagwa."

Ndipo anagwadi, zaka zingapo, ku Kande, ku Chintheche, mpaka ku Sanga. Kuvina kwa m'mawa asanadye sanakusiye, koma tsopano akamaliza ankadya, ndipo anayamba kugwira nawo chingwe cha khoka kuti apeze nsomba. Miyendo inabwerera, ludzu silinamuvutenso kwenikweni. Pa tsiku la gule ankadya mokwanira, n'kukagwa mosamala, chigongono chili chokonzeka. Anthu ankaseka ndithu, koma osati ngati poyamba, ndipo a m'boma ankadziwa kuti chinachake chikusowa. Nthawi iliyonse asanalowe m'bwalo, Duncan ankabwera kudzamukonza kolala, n'kumunong'oneza mochonderera:

"Ada, lero yesetsani. Mugwe ngati tsiku lija la ku Chintheche."

Killion ankangogwedeza mutu, n'kuika lipenga kukamwa.